Bwalo la gofu lokongola si ndilo lomangidwa mwaluso

Magazini a gofu amakonda kuika m'ndandanda mabwalo a m'mphepete mwa nyanja, aja amawatcha links, a ku Scotland, Ireland ndi England. Ndikawerenga mindandanda imeneyi ndimaona kuti oweruza ambiri amatengeka ndi maso, ena ndi mantha. Kwa ine muyeso wa kamangidwe ndi umodzi: kodi bwalolo limam'patsa wosewera chosankha asanamenye mpira?

Mu 2016 magazini ya Golf Digest inaika Royal County Down, ya ku Northern Ireland, pamwamba pa onse. Sindikana, malowo ndi okongola, mapiri a Mourne ali chapafupi ndipo nyanja ili pambali. Koma pa mabowo angapo munthu amamenya mpira modumphitsa chulu cha mchenga osaona kumene ukagwere. Mlendo pamenepo sasankha, amangokhulupirira womunyamulira ndodo. Sindingaliike poyamba.

Carnoustie imatchuka ndi nkhanza. Anthu amakumbukirabe za Jean van de Velde, yemwe mu 1999 anafika pa bowo lomaliza akutsogola ndi mikwingwirima itatu, nagwetsera mpira mu mtsinje wa Barry Burn, mpaka chikho chinapita kwa Paul Lawrie. Bwalo lotere limalanga kwambiri koma limafunsa mafunso ochepa.

Muirfield ndimaiika pachiwiri. Mabowo 9 oyamba amazungulira kunja, 9 otsalawo amabwerera m'kati mozungulira kwina, choncho mphepo sikuombera mbali imodzi nthawi yaitali. Ndi nzeru yooneka, yochita kuyala.

Pamwamba ndimaika Old Course ya ku St Andrews, ngakhale kuti poiona koyamba ili ngati dambo lopanda mwini. Bobby Jones anasiyira panjira mpikisano wa 1921 atakhumudwa nayo. Mu 1927 anabwerera n'kudzapambana pomwepo, ndipo anaikonda mpaka imfa. Chimene anachedwa kuona ndi chakuti kutambalala kwa bwaloli ndi msampha. Ukamenyera kumanzere, komwe kulibe zoopsa, mpira wachiwiri umakuvuta chifukwa maenje a mchenga ndi timitunda zimatsekereza njira. Ukalimba mtima n'kumenyera kumanja, pafupi ndi malire, njira imatseguka. Bowo la 17 ndiye chimake: kutsogolo kwa kapinga womalizira kuli dzenje lakuya, kumbuyo kwake kuli msewu ndi khoma. Mu 2000 Tiger Woods anasewera masiku anayi osagwetsera mpira m'dzenje ngakhale limodzi, ndipo anatero poganiza, osati ndi mphamvu zokha. Chodabwitsa n'chakuti bwaloli lilibe mmisiri mmodzi amene tingamuloze kuti ndiye analijambula. Mphepo, nkhosa ndi mibadwo ya osewera zinagwirira pamodzi, ndipo mabowo anakhala 18 mu 1764.

Nkhawa yanga ili pa mpira wa masiku ano, umene umauluka kudumpha misampha yomwe inkasautsa akale. Mu 2010 anachita kubweza m'mbuyo poyambira bowo la 17, mpaka kunja kwa malire akale a bwalo. Mu 2022 Cameron Smith anapambana ndi mikwingwirima 20 pansi pa par. Mu 2023 mabungwe a R&A ndi USGA analengeza kuti adzachepetsa mtunda umene mpira umauluka. Akazengereza, ndidzafunika kuganizanso za malo oyambawa.