Chingerezi chimathamanga, Chichewa chimayenda

Pali nambala ina imene imazungulirazungulira pa WhatsApp ndi pa Facebook: akuti liwu la Chingerezi loti run lili ndi matanthauzo 645. Si bodza ayi. Anawerengetsa ndi Peter Gilliver, mmodzi mwa akonzi a Oxford English Dictionary, ndipo zinamutengera miyezi 9 pa liwu limodzi lomweli, komanso ngati mneni basi. Kale mfumu inali set, yomwe m'dikishonale ya 1989 inali ndi matanthauzo 430. Nambalayo ndilibe nayo vuto. Chimene chimandiwawa ndi ndemanga zobwera pansi pake, zoti mwaona nokha, Chingerezi n'chakuya, Chichewa chathuchi n'chosauka.

Tiyeni tilione kaye liwulo. Kwa mzungu, mtsinje umathamanga, injini imathamanga, mphuno ya mwana wa chimfine imathamanga. Shuga akatha m'nyumba amati we have run out, ngati shugayo wathawa. Wofuna upulezidenti nayenso akuti akuthamanga, n'chifukwa chake nthawi ya chisankho timamva za running mate, ngakhale awiriwo amayenda pa galimoto zozizira m'kati. Kuno kwathu running stomach ndiye yapulumutsa anthu ambiri ojomba kuntchito Lolemba. Ndiye yesani kumasulira run a business liwu ndi liwu: kuthamangitsa bizinesi. Mwaipirikitsa, yapita.

Simon Winchester analemba mu New York Times mu 2011 kuti run inakula chifukwa cha makina. Mafakitale atabwera, chilichonse chozungulira chinayamba kuthamanga, kenako makompyuta ndi mapulogalamu ake anadzawonjezera. Mfundoyi ndimaikonda, chifukwa ikusonyeza kuti liwu limanenepa ndi zimene eni ake akuchita. Koma taonani chimene ife timanena pamalo omwewo. Madzi akuyenda. Wotchi ikuyenda. Magazi akuyenda. Geni ikuyenda, ndipo mwini wake akuiyendetsa. Malonda akavuta timati sakuyenda, mutu ukasokonekera timati sakuyenda bwino uyu, ndipo mnzako ukakumana naye pa depoti umangoti zikuyenda? Ntchito yonse imene run imagwira thukuta lili kamukamu, kuyenda kumaigwira mosapupuluma. Ndisanamizire kuti izi zikuulula mtima wa Achewa kapena wa Angerezi; nzeru zotere n'zotchipa. Chilankhulo chilichonse chimangotenga mneni wa thupi, wa miyendo kapena manja, n'kumusenzetsa katundu.

Ndiye 645 ija ikuyeza chiyani? Ikuyeza mpeni wa mkonzi. Kodi injini yothamanga ndi pulogalamu yothamanga ndi tanthauzo limodzi kapena awiri? Wina amagamula, ndipo mkonzi wina akanadula mosiyana. Ikuyezanso mapepala. Dikishonale ya Oxford inayamba kutuluka mu 1884 n'kudzatha mu 1928, ndipo tanthauzo lililonse limaima pa ziganizo zotoledwa m'mabuku ndi m'nyuzipepala za zaka mazanamazana. Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa Centre for Language Studies ku Zomba unatuluka mu 2000. Kuyerekeza ziwirizi n'kuyerekeza nkhokwe, osati minda. Chimanga chathu chambiri chikadali m'munda, pakamwa pa anthu m'minibasi, pamaliro ndi pamjigo.

Mukufuna umboni, tengani kumva. Timamva mawu, timamva fungo, timamva njala, kuzizira, chisoni, kukoma kwa ndiwo. Wodziwa chilankhulo amachimva. Mwana wamwano ndi wosamva, ngakhale makutu ake ali bwinobwino. Zamveka ndi kuvomera, kumvana ndi mtendere, ndipo munthu akamveka ndiye kuti watchuka. Pamenepa Chingerezi chimasowa liwu limodzi; chimathamangira kwa hear, smell, feel, taste, understand, obey. Bwanji palibe amene amalemba pa Facebook kuti Chingerezi n'chosauka?

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi olemba anzanga. Ndimawerenga nkhani zazifupi za Chichewa zimene mumamva Chingerezi chikupuma pansi pa chiganizo chilichonse: munthu akuthamanga mochedwa, nthawi ikuthamangira kunja. Wolembayo amaganiza kuti liwu lililonse la Chingerezi lili ndi mnzake mmodzi m'Chichewa, monga tinkalowezera ku pulayimale, run kuthamanga, eat kudya. Pomwe agogo ake akanangoti wachedwa, nthawi yatha, dzuwa lapendeka.