Ana Awiri a Mimba Imodzi: Kamangidwe ka Mawu a Memory Banda

M'chaka cha 2015 Memory Banda, mtsikana wa ku Malawi, anaimirira pa msonkhano wa TEDWomen ku Monterey, m'dziko la America, nalankhula za ukwati wa ana. Mawu akewo sanakwane mphindi 15, koma ayenera kusanthulidwa monga momwe asanthulira nthano, pakuti mphamvu yake ili m'kamangidwe.

Iye sanatsogoze ziwerengero. Anasimba za ana awiri a mimba imodzi, iye mwini ndi mng'ono wake. Mng'onoyo anatumizidwa ku chinamwali kumene kunali mwambo wa kusasa fumbi, natenga pathupi ali ndi zaka 11. Pofika zaka 16 anali ndi ana atatu. Memory atauzidwa kuti wakula, nayenso apite, anakana, ndipo amayi a m'mudzi anamutcha wosamva.

Wokulira pa moto wa madzulo adzazindikira msanga chimango chimenechi. M'nthano zambiri muli atsikana awiri: womvera anyambita zilonda za nkhalamba nabwerera ndi chuma, wamwano akana nagwa m'tsoka. Tsono Memory anatenga chimango chomwecho nachigadamiza. Womvera ndiye anavutika; wokana ndiye anatsala pa sukulu. Womva sauzidwa kuti mwambowo ngwoipa: aona yekha kuti nthano yathera posayenera, ndipo mtima wake uwawa asanapatsidwe chifukwa. Apa ndiye pagona luso.

Chinanso choyamikika nchakuti mawuwo sathera m'misozi. Wosimbayo apitirira kunena ntchito: kusonkhanitsa atsikana obereka ali ana kuti akumbutsane kuwerenga ndi kulemba, kupita kwa mfumu, ndi kutumiza mauthenga pa foni kwa aphungu. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loika zaka 18 za ukwati mu 2015, ndipo mu 2017 inakonza malamulo aakulu a dziko, amene ankalola mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera. Sikuti mtsikana mmodzi anachita zonsezi. Mafumu ndi mabungwe anagwirapo ntchito zaka zambiri.

Komabe pali zofooka. Mawuwo ananenedwa m'Chingelezi kwa alendo, ndipo mlendo angaganize kuti chinamwali chonse ndicho kusasa fumbi, chonsecho mwambowu uli m'madera ena okha, ndipo anamkungwi ambiri alangiza za ulemu ndi ukhondo. Chofooka chachikulu nchakuti mwini chilonda sanalankhule. Zowawa nza mng'ono, koma mawu ndi m'manja momwe anaomberedwa nza mkulu wake. Mkuluyo anasimba mwachikondi ndithu. Komatu si onse adzasimba motero.

Mphunzitsi wa mawa adzakumana ndi vutoli pa phunziro la chimangirizo. Akalamula ana kulemba za chowawa chimene anachiona kwawo, wina adzalemba za mayi ake omenyedwa, wina za mkulu wake wokwatiwitsidwa. Memory analankhula kutsidya kwa nyanja ali wamkulu, atasankha yekha chonena. Mwana wa Sitandade 6 adzaweruka masana nakagona m'nyumba imodzi ndi munthu amene wamulemba m'kope, ndipo kopelo liyenda m'manja mwa anzake lisanafike pa tebulo la mphunzitsi.