Luso Lobisika Pansi pa Torre Latinoamericana

Mlendo akafika ku Mexico City amakweza maso kuti aone Torre Latinoamericana, nyumba ya nsanjika 44 imene inatha kumangidwa mu 1956. Kunena zoona, maonekedwe ake sachititsa kaso kwenikweni: ndi magalasi ndi zitsulo basi, kutengera nyumba zazitali za ku New York. Luso lenileni la nyumbayi lili pansi, kumene diso silifika.

Pakati pa mzindawu kale panali nyanja ya Texcoco. Nthaka yake ndi dongo lofewa lodzaza madzi, ndipo chivomezi chikafika, dongolo limakulitsa kugwedezeka kwake monga phala limachitira mbale ikagwedezeka. Injiniya wa za nthaka Leonardo Zeevaert anayamba ndi kulidziwa bwino dongoli. Anaboola pansi, n'kutulutsa dothi la pa kuya kosiyanasiyana, n'kuliyesa kuti adziwe mmene limaphwera likalemedwa. Atatero anaika nyumbayo pa mizati ya konkire 361, yokhomeredwa kupyola dongolo mpaka pa mchenga wolimba, mamita oposa 30 pansi.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi dzenje limene anakumba la zipinda zapansi. Dothi lochotsedwalo linali lolemera, choncho gawo lalikulu la kulemera kwa nyumba linangolowa m'malo mwake. Nthaka sinasenzetsedwe katundu wachilendo. Uku ndi kumanga mwaulemu, kwa munthu amene wamvetsetsa malire a dothi limene akugwira nalo ntchito.

Mayeso sanachedwe. Chivomezi cha mu 1957 chinagwetsa fano la mngelo pa chipilala cha ufulu mumzindamo, koma nyumbayi inangoima. Pa 19 Seputembala 1985 kunabwera choopsa kwambiri, chochokera kugombe la Michoacán, makilomita oposa 300 kutali. Dongo lija linkapita uku ndi uku pafupifupi masekondi awiri aliwonse, liwiro logwirizana ndi kayendedwe ka nyumba za nsanjika 6 mpaka 15. Zambiri zoterezi zinagumuka, ndipo anthu zikwizikwi anafa. Nsanja ya Zeevaert imapendama pang'onopang'ono kuposa pamenepo, motero sinavine limodzi ndi nthaka.

Ena amati unali mwayi. Ine ndikukana. Nyumbayi inapulumuka chifukwa amene anaimanga anayeza nthaka asanajambule maziko, ndipo ulemu wa ntchito imeneyi uyenera kupita kwa Zeevaert.