Chombo Chobedwa ndi Udindo wa Kubweza: Kuunika Zilango za m'Masewera a Mlengalenga

Pakati pa anthu okonda masewera a pa kompyuta onena za maulendo a mlengalenga pali mtsutso umene wakhalitsa, ndipo funso lake ndi ili: wosewera akalanda chombo cha mnzake, nafuna kuchisunga kuti chikhale chake, kodi okonza masewera amlange motani? Ena mwa awerengi athu angadabwe kupeza nkhani yotere m'masamba ano. Koma tikayang'anitsitsa tiona kuti otsutsanawa akukambirana mutu umene ife timauphunzira pansi pa lamulo lachisanu ndi chiwiri, ndiwo udindo wa kubweza cha mwini. Ndipo popeza achinyamata ambiri amene tidzawatumikira amathera maola ochuluka m'maiko ongopekawa, nkoyenera kuti tidziwe zimene malamulo a kumeneko akuwaphunzitsa.

Kodi m'masewera muli kuba?

Poyamba tipewe kuona tchimo pamene palibe tchimo. Munthu amene wadya nkhomo za mnzake pa bawo sitimutcha mbala, pakuti onse awiri anakhala pansi atavomerezana kuti kudyana ndiko cholinga cha masewerawo. Johan Huizinga, m'buku lake la 1938 lotchedwa Homo Ludens, anafotokoza kuti masewera ali ndi malo ndi nthawi zakezake zopatulidwa, ndipo m'kati mwa malirewo mumalamulira malamulo a masewerawo. Thomas Aquinas Woyera nayenso, pa funso 168 la gawo lachiwiri la chigawo chachiwiri cha Summa, anaphunzitsa kuti mzimu wotopa usowa kupumula mwa kusewera monga thupi lisowa mpumulo. Chotero wosewera amene wasankha kukhala wachifwamba, m'masewera amene amalola zimenezi poyera, sanachimwe chifukwa cha kusankhako.

Komabe bawo ikatha nkhomo zonse zimabwerera m'maenje, ndipo palibe amene amanyamuka ali wosauka. M'masewera ena amene tikunenawa zinthu sizitero. Dziko lake silitha madzulo. Chombo chimene chatayika chinadya miyezi ya khama, mwinanso ndalama zenizeni. Ndipo kuseri kwa chithunzi cha wolandidwayo kuli munthu wamoyo. Apa ndi pamene malire aja ayamba kuchucha.

Njira zitatu

Njira yoyamba tikuiona m'masewera a Starfield, amene kampani ya Bethesda inatulutsa mu 2023. Munthu amasewera yekha, ndipo eni zombo zimene amalanda ndi zithunzi chabe zoyendetsedwa ndi kompyuta. Atalanda chombo, sangachigulitse kapena kuchisintha mamangidwe asanachilembetse, ndipo ndalama yolembetsera imadya gawo lalikulu la mtengo wogulitsira. Cholinga cha okonza n'choonekeratu: kuti kulanda kusakhale njira yachidule yolemerera. Pano palibe wolakwiridwa weniweni. Koma phunziro lobisika m'lamuloli ndi lakuti umwini ndi nkhani ya kalata, ndi kuti amene walipira ku ofesi wayeretsa chimene analanda. Chilango chasanduka mtengo, ndipo chinthu chimene chili ndi mtengo chimangoyembekeza wogula.

Njira yachiwiri ili m'masewera a Star Citizen a kampani ya Cloud Imperium Games, amene ndalama zowapangira zinayamba kusonkhedwa kwa osewera mu 2012. Kumeneko zombo zambiri zimagulidwa ndi madola enieni. Wophwanya malamulo amalembedwa m'kaundula wa milandu, ndipo kuyambira 2020 akhoza kuponyedwa m'ndende yotchedwa Klescher, kumene amafupikitsa chilango chake mwa kukumba miyala m'migodi. Woberedwa amapempha chombo china kwa a inshuwalansi. Tsono vuto labadwira pomwepa. Ngati wakuba asunga chakale, mwini nalandira chatsopano, zombo zasanduka ziwiri, ndipo mabwenzi awiri akhoza kupangana kuberana mwachiphamaso kuti achulukitse chuma. N'chifukwa chake osewera amatsutsana kwambiri: ena afuna kuti chombo chobedwa chileke kugwira ntchito mwini akangodandaula, ena kuti chikanizidwe mafuta ndi malo otera, enanso kuti wakuba aloledwe kuchigula mwa njira zovuta za mumdima. Maganizo onsewa ndi anzeru, koma tione kuti chimene akutchinjiriza ndi chuma cha masewera. Woberedwa wachotsedwa m'nkhani. Wakuba sadzaonananso naye, ndipo mlandu wake watsala pakati pa iye ndi makina.

Njira yachitatu ndi ya EVE Online, masewera amene kampani ya CCP ya ku Iceland inayambitsa mu 2003. Apolisi a m'masewerawa, otchedwa CONCORD, amawononga chombo cha wothira nkhondo wosalakwa m'madera otetezedwa. Koma za chinyengo ndi kuba pakati pa anthu a gulu limodzi, kampani inasankha kusalowererapo. Mu 2005 kagulu kotchedwa Guiding Hand Social Club kanalowa mwachinsinsi m'gulu la Ubiqua Seraph, kanakhala miyezi yambiri kakudzionetsa kokhulupirika, ndipo tsiku limodzi kanasesa nkhokwe zonse. Katunduyo anawerengeredwa kuti akanakwana madola pafupifupi 16,500. Kampani sinawalange. Mu 2009 mkulu wa banki ya osewera yotchedwa EBank anatenga ndalama za m'masewera zokwana pafupifupi mabiliyoni 200, nazigulitsa ndi madola enieni pafupifupi 5,000. Iyeyu anachotsedwa m'masewera, koma mlandu wake sunali kubera osunga ndalama. Unali kugulitsa ndalamazo kunja. Huizinga anaziona kale zimenezi pamene ananena kuti osewera amapirira wonyenga kusiyana ndi wophwasula masewera, pakuti wonyenga amavomerezabe kuti bwalo lilipo.

Kutenga ndi kusunga

Aphunzitsi a Eklezia anasiyanitsa zinthu ziwiri zimene okonza masewera amazisakaniza. Pa funso 62 la gawo lomwe lija la Summa, Aquinas akuonetsa kuti munthu amamangidwa ndi udindo wa kubweza pa zifukwa ziwiri: chifukwa cha mchitidwe wa kutenga, ndi chifukwa cha chinthu chimene chili m'manja mwake. Akupitiriza kunena kuti kusunga cha mwini iye asakufuna ndi kulakwira chilungamo monga momwe kutenga kulili, motero kubweza sikuyenera kuzengerezedwa. Akusiyanitsanso kubweza ndi chilango: chilungamo chimafuna kuti chotengedwa chibwerere, pamene zoonjezera, monga ng'ombe zisanu pa ng'ombe imodzi ndi nkhosa zinayi pa nkhosa imodzi m'buku la Eksodo, ndi chilango chimene woweruza amaika. Augustine Woyera, m'kalata yake kwa Macedonius, anali ataphunzitsa kale kuti kulapa kwa munthu amene angathe kubweza koma sabweza ndi kulapa kongoyerekeza.

Tikayeza njira zitatu zija ndi muyeso umenewu, kupelewera kwake kukuoneka. Yoyamba ikugulitsa chikhululukiro. Yachiwiri ikulanga ndi kulipira, koma ikudula chingwe chomanga wakuba kwa woberedwa. Yachitatu yokha ndiyo ikusiya chingwecho chili chomangika, pakuti wotaya wataya ndithu, ndipo dzina la wachinyengo limanunkha pakati pa anzake. Koma ikusiya wofooka m'manja mwa wamphamvu, ndipo wachinyengo akhoza kuyambanso ndi dzina lina. Chobvuta cha zonse zitatu n'chimodzi: zikufunsa kuti wakuba amve kuwawa kotani, osafunsa kuti chombocho n'cha yani.

Ena adzatiyankha kuti masewera si katekisimu, ndi kuti zilango zikachuluka chisangalalo chimafa. Tikuvomereza, ndipo sitikupempha kuti uchifwamba uchotsedwe, pakuti ulendo wopanda choopsa sukoma, ndiponso kumene kulibe ufulu wolakwa kulibenso ulemu wa kukhulupirika. Lamulo lozimitsa chombo chobedwa nthawi yomweyo silikutikondweretsa pa chifukwa chomwechi: likulanda wakuba mwayi wosankha, ndipo amene walandidwa sanabweze. Chimene tikuganiza ndi ichi: chombo chisungebe dzina la mwini wake nthawi yonse imene chili m'manja mwa wina, mtolo wa wochisunga ukule ndi masiku, popeza kusunga ndi kulakwa kopitirira, ndipo pakhale khomo lotseguka lakuti wochibweza kwa mwini apeputsidwe mlandu kuposa wongokhala m'ndende. Masewera otere sangachepe kukoma, pakuti nkhani ya munthu wobwerera ndi katundu wa mnzake ndi yogwira mtima kuposa ya munthu wokumba miyala kuti nthawi ithe. Zakeyo timamkumbukira chifukwa cha kubweza kanayi kumene analonjeza mwa kufuna kwake, popanda womkakamiza.

Kwa ife abusa

Tsiku lina mnyamata adzafunsa wansembe ngati anachimwa pobera anzake m'masewera. Tisamseke, ndiponso tisamsenzetse katundu wosayenera. Timfunse mafunso atatu. Kodi malamulo a masewerawo amalola zimenezo, ndipo onse anadziwa? Kodi analanda mdani pa nkhondo yoonekera, kapena ananamiza munthu amene anamkhulupirira ngati bwenzi lenileni kunja kwa masewera? Kodi panalowa ndalama zenizeni? Pa funso loyamba nthawi zambiri adzapezeka wosalakwa. Pa lachiwiri nkhani yalemera, pakuti chombo chingakhale chopeka, koma bodza limene linanenedwa kwa miyezi yambiri linanenedwa ndi pakamwa penipeni kwa munthu weniweni, ndipo mtima umene wazolowera kupereka abwenzi suvula chizolowezicho pozimitsa kompyuta. Pa lachitatu tabwerera kwathunthu ku lamulo lachisanu ndi chiwiri, ndipo chiphunzitso cha kubweza chigwire ntchito monga chimagwirira pa mbuzi kapena pa njinga.

Ngakhale pamene chilungamo sichimkakamiza, tingamlangize kuti abweze chifukwa cha chikondi, ndi kupepesa kwa amene anamnyenga. Kampani siidzamfunsa zimenezi, ndipo n'chifukwa chake kubweza koteroko kudzakhala kwake kwenikweni.