Monterey Pop: Musathere pa Gitala Yoyaka Ija

Pali kakanema kamene kamabwerabwera pa Facebook ndi pa TikTok. Mnyamata wagwada pasiteji, gitala ikuyaka moto patsogolo pake, iye akukodola malawiwo ndi zala ngati akuitana mwana. Ameneyo ndi Jimi Hendrix, ndipo ambirife timathera pomwepo: taona, taseka, tadutsa. Kakanemako kanadulidwa mu filimu ya Monterey Pop, imene D. A. Pennebaker anajambula pa chikondwerero cha nyimbo ku Monterey, m'chigawo cha California ku America, kuyambira pa 16 mpaka pa 18 Juni 1967. Filimuyi inatuluka mu Disembala 1968 ndipo ndi ya mphindi pafupifupi 80 basi. Ndaionera yonse kangapo kuno kwa Nsabwe, ndipo maganizo anga ndi akuti moto ujawo ndiye mbali yofooka ya filimu yonseyi. Mphamvu yake ili pa mmene kamera imamvetsera.

Tiyambe ndi mmene anaipangira. Mulibe munthu wofotokoza. Palibe amene akukuuzani kuti uyu ndi katswiri, uyu ndi wongoyamba kumene. Pennebaker ndi anzake, ena mwa iwo Richard Leacock ndi Albert Maysles, ananyamula makamera ang'onoang'ono a 16mm paphewa n'kulowa m'chigulu cha anthu. Chithunzi chimagwedera, nthawi zina chimachita mbuu, kenako n'kugwira. Ife amene tinakulira m'mavidiyo sho, momwe womasulira amalankhula filimu yonse osapumira, poyamba timaona ngati pakusowa kanthu. Koma bata limenelo ndi limene likukupatsani mpata woti muone nokha.

Taonani Janis Joplin akuimba "Ball and Chain". Kamera ikutsika mpaka kumapazi ake, zidendene zikutuluka m'nsapato uku akuponda pansi mwamphamvu. Nyimbo ikatha, Pennebaker akutionetsa Cass Elliot wa gulu la The Mamas and the Papas, atakhala pakati pa anthu, kukamwa kuli yasa. Woimba mnzake wathedwa nzeru. Ndemanga ina iliyonse pamenepo ikanangoononga zinthu. Taonaninso Otis Redding akuimba "I've Been Loving You Too Long". Wojambula ali kumbuyo kwake, moyang'anizana ndi getsi lalikulu, moti Redding akasuntha mutu chithunzi chonse chimayera mbee, akabwerera timaona mthunzi wake wokha. Aphunzitsi a zojambula angati kumeneko n'kulakwitsa. Koma pa 10 Disembala chaka chomwecho Redding anafa pa ngozi ya ndege ali ndi zaka 26, filimu isanatuluke n'komwe, ndiye munthu ukamaonera lero, kuoneka ndi kuzimirira kuja kumakulowa mumtima.

Tsono za motozo. Usiku wa Lamlungu gulu la The Who linamaliza nyimbo ya "My Generation" pophwanya zida. Pete Townshend akumenyetsa gitala pansi, Keith Moon akugwetsa ng'oma zake. Hendrix, amene anabwera pambuyo pawo usiku womwewo, anafuna kuwaposa: anathira gitala mafuta a laita, anaiyatsa, anaimenyetsa pansi, zidutswa n'kuponyera anthu. Sindikutsutsa luso la Hendrix ayi. Mverani mmene akuyambira "Wild Thing", gitala ikulira ngati chitsulo chamoyo, ndipo muvomereza kuti munthuyo anali wina. Koma kuotchako ndi mpikisano wa anyamata, ndipo ndi mpikisano wa anthu amene akudziwa kuti mawa kubwera gitala ina.

Kuno kwathu banjo amaipanga ndi chitini cha mafuta, chikopa cha mbuzi ndi mawaya a mabuleki a njinga. Waya umodzi ukaduka, woimba amaumanga mfundo n'kupitiriza. Munthu wothyola tiyi angasenze dengu masabata angati kuti agule gitala ya m'sitolo? N'chifukwa chake pa chipwirikiti cha The Who chija maso anga amapita kwa anthu ena amene filimu siwatchula maina: ogwira ntchito pasiteji, amene akuthamanga kukapulumutsa mamaikolofoni asanaphwanyidwe. Amenewo ndiye ndikuwadziwa. Ndi aja amasenza masipika pa ukwati, amene bwana akawadula malipiro chingwe chikapsa. Ndipo pa moto wa Hendrix, chithunzi chabwino koposa ndi pamene kamera ikutembenukira kwa mtsikana wina m'gulu la anthu, nkhope yake ili pakati pa mantha ndi kudabwa. Kakanema ka pa TikTok kaja nthawi zambiri kamadula nkhope imeneyo.

Umboni wakuti Pennebaker naye ankadziwa kumene kuli mtima wa filimu yake uli kumapeto. Ravi Shankar, katswiri wa sitar wa ku India, anaimba Lamlungu masana, Hendrix asanaimbe. Koma polumikiza filimu anamuika komalizira, n'kumupatsa mphindi pafupifupi 18, gawo limodzi mwa magawo anayi a filimu yonse. Mphindi zingapo zoyambirira Shankar sitimuona n'komwe. Timangomva sitar, uku kamera ikuyenda pa anthu: mapazi opanda nsapato, wina wagona, wina watsinzina, wina akugwedeza mutu pang'onopang'ono. Hendrix yemwe ali pomwepo, wakhala pansi akumvetsera ngati mwana wa sukulu. Kenako timaona zala za Shankar, ndi za Alla Rakha pa ting'oma totchedwa tabla, awiriwo akuponyerana mayankho, liwiro likukwera, mpaka bwalo lonse liimirira ndi m'manja. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Shankar mwiniwake anadzanena poyera kuti kuotcha chida choimbira kunamupweteka mtima, poti kwawo chida amachilemekeza. Filimu siweruza pakati pa awiriwa ndi mawu, koma yapereka mawu omaliza kwa amene sanaphwanye kanthu.

Sikuti zonse zili bwino m'filimuyi. Kamera yomweyi ili ndi tsankho lake. Pa nyimbo ya "Today" ya Jefferson Airplane, amene akuimba ndi Marty Balin, koma nyimbo yonse tikungoonetsedwa nkhope ya Grace Slick. Wojambula anatsata nkhope yokongola n'kusiya mwini mawu. Booker T. & the M.G.'s, amene akunyamula Otis Redding ndi zida zawo, amangooneka mwa apo ndi apo. Omvera pafupifupi onse ndi azungu, ndipo filimu sikudabwa nazo. Nkhondo ya ku Vietnam inali mkati, ndipo patangotha mwezi umodzi mizinda ya Newark ndi Detroit inayaka ndi zipolowe, koma mukaonera Monterey Pop mungaganize kuti America yense anali wa maluwa m'tsitsi.

Kusafotokoza kuja kumatilanda kanthu tikafika pa Hugh Masekela. Inde abale, woimba lipenga wa ku South Africa uja ali m'filimuyi, akuimba "Bajabula Bonke". Magetsi amitundumitundu akuvina kumbuyo kwake, iye akufuula m'chilankhulo cha kwawo, mitsempha ya pakhosi ili njo. Woonera wa ku California ankangoona mlendo wa nyimbo zachilendo. Filimu simuuza kuti munthuyu anachoka kwawo mu 1960, apolisi atapha anthu ku Sharpeville, ndipo sakanatha kubwerera mpaka patapita zaka 30. Ife tikudziwa zambiri kuposa kamera ija. Tikudziwa kuti ndi Masekela yemweyu amene mu 1974 anadzatulutsa "Stimela", nyimbo ya sitima yonyamula amuna opita kumigodi ya ku Joni, ndipo Malawi amatchulidwamo. Agogo athu ena anakwera sitima imeneyo. Choncho mphindi zochepa za Masekela, kwa ine, zimalemera kuposa mmene Pennebaker anaziyezera.

Nanga n'chifukwa chiyani filimu ya zaka zoposa 50 zapitazo ikutikhudza ife a ku Thyolo? Chifukwa imatikumbutsa zimene ife tilibe. Chaka chimene Monterey Pop inatuluka, 1968, ndi chaka chimene Malawi anakhazikitsa lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act. Pofika 1973 akazi analetsedwa mathalauzi ndi masiketi aafupi, amuna analetsedwa tsitsi lalitali, moti khamu la ku Monterey lija likanatsikira pa Chileka, lumo likanagwira ntchito mpaka kubuntha. Simon and Garfunkel, amene alimo m'filimuyi, nyimbo yawo ya "Cecilia" inaletsedwa kuno. Wailesi ya kanema inadzayamba mu 1999. Zaka zonsezo oimba athu ankajambulitsa mawu ku MBC, koma maso athu analibe powaonera. Anzathu a ku Zambia anatengako kaliridwe ka gitala ka Hendrix n'kupanga Zamrock: Paul Ngozi ku Lusaka ankaimba m'Chingerezi ndi m'Chinyanja, gulu la WITCH linkadzaza maholo. Koma pamene Gio Arlotta anapanga filimu ya WITCH imene inatuluka mu 2019, anadalira kwambiri kukumbukira kwa Jagari Chanda, amene anatsala yekha mwa oyambitsa gululo, chifukwa zithunzi zoyenda za nthawiyo n'zochepa zedi.

Allan Namoko ndi wathu wa kuno ku Thyolo. Iye ndi Chimvu River Jazz Band anagwedeza dziko ndi banjo, ndipo anamwalira mu 1995. Komatu ambirife timamudziwa ndi khutu lokha. Funsani mnzanu aliyense wa zaka 25 kuti Namoko ankaigwira bwanji banjo, kapena kuti anthu a pamsika ankapanga nkhope zotani iye akamaimba. Chodabwitsa n'chakuti m'chaka chomwecho cha 1967, pamene Pennebaker anali ku Monterey, Gerhard Kubik wa ku Austria anajambula pa filimu Daniel ndi Donald Kachamba akuimba kwela m'mudzi wa Singano, kufupi ndi Chileka. Munthu mmodzi, kamera imodzi, ndipo lero tikhoza kuona manja a anyamata a kwa Kachamba. Pamene panalibe woimika kamera, tatsala ndi mawu okha, kapena dzina lokha.

Lero aliyense wa ife ali ndi kamera m'thumba, ndipo yosavuta kugwiritsa ntchito kuposa ya Pennebaker. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay anadziwika kunja chifukwa wina anamujambula akuimba babatoni yake m'mbali mwa nyanja. Koma taonani zimene timajambula kawirikawiri: masekondi 20, pamene woledzera wagwa kapena wovina wang'amba thalauza, kenako timadzitembenuzira foni tokha. Tikusaka gitala yoyaka nthawi zonse. Tikatero, adzukulu athu adzapeza mafoni odzaza ndi phokoso, koma osapezamo nyimbo ngakhale imodzi yathunthu.

Ndiye pempho langa ndi ili. Mukapeza bandulo yokwanira, ioneni Monterey Pop yonse, osadumphadumpha, makamaka mphindi 18 zomalizazo. Kenako tsiku lamalipiro, anyamata a banjo akadzaima pamsika, kapena amayi akadzayamba tchopa pabwalo, apempheni kaye chilolezo, imani malo amodzi, ndipo jambulani nyimbo kuyambira pamene akuchuna mawaya mpaka pamene m'manja mwatha. Pakatikati tembenukirani kwa agogo amene akumvetsera atatsamira ndodo. Mukamaliza afunseni oimbawo maina awo onse, ndi wa ng'oma yemwe, ndi wa chisekese yemwe, mulembe pamodzi ndi tsiku ndi malo. Pamenepo mudzakhala mwachita zimene Pennebaker anachita bwino, n'kukonzanso zimene iye anaphonya.