Pepala Limamveka pa Wailesi

Womvera wailesi saona pepala lomwe wosewera wagwira, koma amalimva. Mphindi imodzi isanathe, khutu limakhala litazindikira kale ngati munthuyo akulankhula kapena akuwerenga.

Chomwe chimamuulula ndi mpweya. Wowerenga amapuma pomwe wolemba adaika mpatuliro ndi mpumiro. Wolankhula amapuma pomwe ganizo lamuthera, mwina pakati penipeni pa chiganizo, n'kudodoma, n'kubwereza, kenako n'kutulukira kwina. Iyeyo sadziwa komwe chiganizo chake chithere, pomwe wowerenga wakuona kale ndi maso, ndiye mawu a wowerengayo amatsika mofanana mzere uliwonse. Chichewa chimawonjezera vuto: kukwera ndi kutsika kwa liwu sitikulemba. Pepala silikuuza ngati “eti” wa mayi wa m'sewero ndi wofunsa, wonyoza kapena wopempha mnzake amuvomereze. Wosewera waulesi amangowatchula onse chimodzimodzi.

N'chifukwa chake sewero la Kapalepale la Smart Likhaya Mbewe pa MBC linkakoma. Osewera ankagwirizana mutu wa nkhani, mawu n'kumabwera pomwepo. Izeki ndi Jakobo nawonso: John Nyanga, yemwe adamwalira mu 2016, ndi Eric Mabedi, yemwe adatsatira mu 2021, luso lawo lalikulu silinali nthabwala ayi, linali kumvetserana. Wina akaponya mawu, mnzake ankawawakha asanagwe, kuwapotoza, kumudula pakamwa. Munthu wowerenga samvetsera. Amangodikira kuti mnzake amalize, iye alowe. Kampata kakang'ono ka pakati pa owerenga awiriwo ndi komwe kamapha masewero ambiri a masiku ano, makamaka a mabungwe, momwe agogo a kumudzi amayala zizindikiro za malungo mwandondomeko ngati namwino pa sikelo.

Sikuti kulankhula za m'mutu kulibe chilema. Kukasowa wowongolera, osewera amazungulira pamodzimodzi, kukuwa n'kulowa m'malo mwa nkhani, ndipo nthawi ya pulogalamu imatha mkangano usanapse. Pepala ndi lofunika ndithu. Koma wolemba sewero la pa wailesi azilembera pakamwa: ziganizo zazifupi, zina zosamaliza, mvekero ngati “phi” ndi “zii” osazichotsa poopa kuti si Chichewa cha m'buku. Wowongolera naye alole wosewera kusintha mawu omwe akumukakamira pa lilime, ndipo pojambula komaliza maso a wosewerayo akhale pa mnzake, pepala lili patebulo.