Galimoto ya mawaya imaweruzidwa ndi msewu

Ku Luembe, m'boma la Nyimba, dera lomwe latsamira mtsinje wa Luangwa, mwana sasowa magalimoto oti awaloweze pamtima. Kumudzi kumafika ma Land Cruiser a oteteza nyama ndi a alenje, komanso makanta odzatenga chimanga. Akapita pa Nyimba amakapeza mabasi, mathanki a mafuta ndi malole aatali pamsewu wa Great East, ena akulowera ku Petauke ndi Chipata, ena akutsetserekera ku mlatho wa Luangwa pa ulendo wa ku Lusaka. Galimoto zimenezi siziima kuti aziyeze. Amaziona kamphindi, n'kubwerera nazo kwawo m'mutu, n'kukhala pansi ndi waya, mwala ndi malegeni. Akuluakulu timati akusewera. Ine ndikuti akupanga luso, ndipo luso limalemekezedwa poliweruza, chifukwa pali galimoto ya mawaya yabwino ndipo pali yoipa.

Muyeso wake ndiwubwereka kutali. Kumaiko ena kuli anthu akuluakulu amene amasonkhanitsa zidole za magalimoto osanduka maloboti. Zidolezi zinayambira ku Japan ndi kampani ya Takara, ndipo mu 1984 kampani ya ku America ya Hasbro inazitenga n'kuzitcha Transformers. Zaka zaposachedwapa opanga zidolezi anayamba kutengera magalimoto otchuka a m'mafilimu akale. Mu 2019 anatulutsa Ectotron kuchokera ku Cadillac ya 1959 ya mufilimu ya Ghostbusters, ndipo mu 2020 anatulutsa Gigawatt kuchokera ku DeLorean ya zitseko zotsegukira m'mwamba, ya mu Back to the Future ya 1985. Mmisiri wa zidole zotere amalimbana ndi vuto limodzi: pulasitiki yomweyo ikhale ndi matupi awiri, onse okhulupirika. Boneti isanduke chifuwa, kumbuyo kwa galimoto kusanduke miyendo. Okonda zidolezi amanyansidwa akaona denga ndi mawindo zangopindidwa n'kukolekedwa kumsana kwa loboti, popeza kumeneko n'kubisa, si kusandutsa. Lamulo lawo n'lakuti chidutswa chilichonse chigwire ntchito. Lamulo lomwelo ndilo limasiyanitsa mmisiri wa mawaya ndi wongopindapinda.

Tiyambe ndi maonekedwe. Wopanga galimoto ya mawaya alibe utoto, alibe galasi, alibe chizindikiro cha kampani. Ali ndi mzere wokha, ndipo amajambula nawo mumpweya. Komabe akaitulutsa, anzake ayenera kufuula dzina lake asanawauze. Kanta imadziwika ndi nkhope yake yophwatalala, woyendetsa atakhala pamwamba pa matayala akutsogolo. Land Cruiser imadziwika ndi boneti yaitali ya makona, zitsulo zotchinga kutsogolo, ndi mpata waukulu pakati pa mimba yake ndi nthaka. Basi ndi kutalika kwake ndi mzere wa mawindo ofanana. Wongoyamba kumene amaganiza kuti kuchulukitsa mawaya ndiko kufananitsa, ndiye amalukaluka mpaka galimoto italemera n'kusanduka khola. Katswiri amadziwa choti asiye. Akapeza kupendekeka koyenera kwa galasi lakutsogolo ndi mtunda woyenera pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, maso a woona amamalizitsa okha zotsalazo. Mtunda umenewu ukalakwika, ngakhale mutapachikapo magalasi oonera kumbuyo, nambala ndi nyale za zitsekerero za mabotolo, kanta sikhala kanta.

Chachiwiri ndi mfundo. Pano palibe kuwotcherera, choncho mphamvu yonse ya galimoto yagona pamene waya wakumana ndi mnzake. Chimango chimafuna waya wokhuthala, wowongoledwa bwino pamwala mpaka mafunde onse atatha. Pomanga pamafunika waya wopyapyala wa kopa wochokera mu wailesi yakufa, kapena malegeni odulidwa mopyapyala kuchokera ku chubu cha njinga. Tembenuzani galimotoyo muone pansi pake. Mmisiri wabwino amayamba wapinda nsonga ya waya wokhuthala kuti ikolane ndi mnzake, kenaka n'kukulunga, mizere ya kopa itagundizana mwaukhondo, nsonga yakuthwa itabisidwa mkati kuti isabaye chala. Waulesi amangosanjikiza mawaya awiri n'kuwakwirira ndi malegeni ambirimbiri. Tsiku loyamba zimaoneka zolimba, koma dzuwa la m'chigwa cha Luangwa likaotcha mpirawo n'kuuphwetsa, galimoto imayamba kupendama ndipo mfundo zimasereka.

Matayala nawo ali ndi chilango chawo. Ena amazunguliza waya pa botolo kuti bwalo likhale loona, n'kuliveka malegeni. Ena amaboola zitini za polishi wa nsapato, ena amasema patapata wakutha. Zonsezi n'zololedwa, bola chibowo chikhale pakati penipeni. Chikapatuka pang'ono, galimoto imayenda motsimphina ndipo palibe chokongoletsa chingabise zimenezo. Tayala la zitsekerero za mabotolo limathamanga pabwalo losalala la sukulu, koma mumchenga limamira. Amene amadziwa nthaka ya kwawo amakulitsa tayala, ndipo ena amakulunga waya pa msomali kuti apange masipuling'i, kuti galimoto ikaponda mwala inyutuke m'malo mogubuduka.

Koma mtima wa luso lonseli ndi chiwongolero. Waya wautali umachoka m'manja mwa mwana, pamtunda wa mchiuno, n'kutsikira kudzera padenga kapena pagalasi mpaka ku matayala akutsogolo. Njira yophweka ndi yoti chitsulo chonse cholumikiza matayala awiriwo chizitembenuka pamodzi, monga zimakhalira pa ngolo ya matayala anayi. Imagwira ntchito, koma pokhota mwamphamvu tayala limakhuza chimango ndipo galimoto imagwa cham'mbali. Njira ya akatswiri ndi yopatsa tayala lililonse kachitsulo kakekake kotembenukirapo, n'kulumikiza tiwirito ndi waya wopingasa, womwe umakankhidwa ndi kagongono kopindidwa kumapeto kwa chiwongolero. Umu ndimo galimoto zenizeni zimakhotera. Mwana wa zaka khumi amene watulukira zimenezi posuzumira pansi pa kanta yoimikidwa pa golosale, wachita ntchito ya uinjiniya popanda buku. Dzanja likapotoza pang'ono ndipo matayala n'kuyankha nthawi yomweyo, popanda kulobodoka, dziwani kuti mwagwira ntchito ya mmisiri.

N'chifukwa chake sindigoma kwenikweni ndi magalimoto ambiri a mawaya ogulitsidwa kwa alendo m'mizinda. Amawala ndi mikanda ndi waya watsopano, ndipo amisiri ake akudyetsa nawo mabanja, zomwe n'zoyamikika. Koma ambiri alibe chiwongolero, ndipo ena matayala ake sazungulira n'komwe. Apangidwira shelefu. Matenda omwewo aliko kwa osonkhanitsa maloboti aja: ena satsegula n'komwe bokosi poopa kuti mtengo wa chidole ungatsike, motero loboti lopangidwira kusanduka limakalamba lisanasandukepo. Chinthu chimene luso lake lagona m'mfundo zoyenda chikaletsedwa kuyenda, chatsala ndi chithunzi chabe. Galimoto ya mwana wa ku Luembe, yadzimbiri ndi yafumbi, imawaposa pamenepa, chifukwa imayesedwa tsiku ndi tsiku, ikusenza zitsononkho ndi mango, ikuphwasulidwa n'kumangidwanso. Kanta ya chaka chatha ndiyo basi ya chaka chino.

Chimene chikuopseza lusoli si kusowa nzeru, koma kusowa waya ndi kusowa ulemu. Buku la ana lotchedwa Galimoto, lomwe Karen Lynn Williams anatulutsa mu 1990, limanena za mnyamata wa ku Malawi dzina lake Kondi amene amatha tsiku akusakasaka mawaya, ndipo pamenepo wolembayo anaona zoona: kupeza waya ndi theka la ntchito. Ku Luembe nkhaniyi ndi yolemera koposa, pakuti derali lili m'malo oyang'aniridwa chifukwa cha nyama zakutchire, ndipo waya womwewo ndi umene umatchera khwekhwe. Bungwe la COMACO lakhala likulandira makhwekhwe ndi mfuti kuchokera kwa anthu a m'chigwa cha Luangwa amene asiya kupha nyama mozemba n'kutembenukira ku ulimi. Ku Mfuwe, amayi a ku Mulberry Mongoose amapanga zibangili ndi mikanda ya m'khosi kuchokera ku waya wa makhwekhwe. Ngati waya wophera mbawala ungasanduke chokongoletsa, ungasandukenso chimango cha lole m'manja mwa mwana.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi, mafumu ndi makolo a ku Nyimba ndi Petauke. Waya wolandidwa m'tchire woyenera kupindika uperekedweko ku masukulu. Pa mipikisano ya sayansi ya m'masukulu yotchedwa JETS, galimoto ya mawaya ilandiridwe ngati ntchito ya umisiri, ndipo oweruza asangoiyang'ana patebulo: aitsitse pansi, aisenzetse katundu, aikhotetse mumchenga. Ndipo inu kholo, musanagule kagalimoto ka pulasitiki ka pamsika kosakhalitsa kaja, gulani pulayazi mumupatse mwana, n'kumufunsa kuti akuonetseni mmene chiwongolero chake chikugwirira ntchito.